Nthutumba ya Mlendo

1. Tsekwe wa amalume

Loweruka limenelo a Wilkins analowa m'fulati mwawo ku Silver Spring atakoleka tsekwe paphewa, nsapato zili matope okhaokha, nkhope ikuwala ngati apha njobvu. Sanagogode n'komwe. Anakankha chitseko ndi bondo n'kuponya mbalame ija pakati pa khitchini.

"Amake Alvin, bwerani mudzaone! Mumati ndimangotha mafuta a galimoto. Nanga uyu ndi ndani?"

A Lenifa, akazi awo, anatuluka kuchipinda pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, poti anali oyembekezera ndipo miyezi inali itapita ndithu. Alvin, mwana wawo wa zaka zitatu, anathawira kuseri kwa mpando. Ellah ndi amene anawerama n'kumunyamula tsekweyo. Anadabwa. Mbalame inali yaikulu m'maso koma yopepuka m'manja.

Ellah anali mwana wa mlongo wawo wa a Wilkins. Amalume akewo anamutenga ku Zomba kuti adzaphunzire ku America, ndipo tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ankagona pa sofa, ankaphika, ankasambitsa Alvin. Sankadandaula. Sukulu ankaikonda kwambiri, makamaka sayansi, ndipo ankadziwa kuti chomusunga pa sukuluyo ndi mtima wa amalume ake basi.

Tsono mtimawo ndiye unali wapachala. Miyezi ingapo m'mbuyomo mphunzitsi anamufunsa Ellah chifukwa chimene ankasinzira m'kalasi. Iye anayankha zoona, kuti amagona mochedwa polera mwana. Akusukulu anaimba foni kunyumba, ndipo tsiku lomwelo a Wilkins anamukhazika pansi.

"Tamvera, iwe. Kuno si kwanu. Kuno mawu amodzi okha amabweretsa apolisi pakhomo. Zimene waona m'nyumba muno zizithera m'nyumba muno. Ine ndinavutika kuti upeze mapepala, anthu akundinena kuti ndikudzitolera mavuto. Mayi ako anachita kundigwadira. Lero ukufuna undionetse kwa azungu ngati munthu wozunza ana? Ndakukhululukira kamodzi. Ukadzatulutsanso za m'nyumba muno, kaya kwa mphunzitsi, kaya kwa abusa, kaya kwa mlendo, ndege yake ndi yomwe inakubweretsa ija. You hear me?"

Ellah anamva, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda m'nyumbamo ngati woponda pa mazira.

A Wilkins anali dalaivala waganyu pa kampani ina yonyamula alendo a maofesi a akazembe ku Massachusetts Avenue. Koma mumtima mwawo anali mlenje. Bambo awo ankawombera mbalame ku Nyanja ya Chilwa ndi mfuti ya gogodera, ndipo iwo atapeza chilolezo cha ulenje anayamba kupita ku madambo a mtsinje wa Patuxent, kupitirira Upper Marlboro. Loweruka lililonse ankabwerako ndi chimfine chokha. Lero ndiye zinatheka.

"Uyu sanandivutitse," anatero akuvula nsapato. "Anzake onse anauluka, iye anangodzuka pang'ono ngati waledzera. Phuu! Basi."

Sabata imeneyo ankayendetsa a Yotam Sakala, mkulu wina wochokera ku Zambia amene anabwera ku msonkhano wa akatswiri a mayiko osiyanasiyana. A Lenifa atafunsa kuti msonkhanowo unali wa chiyani, a Wilkins anangoti, "Za mbalame mbalame zomwezi." Sanafunsepo zambiri. Ankangomutsitsa mkuluyo pakhomo n'kutsala m'galimoto akumvera mpira. Nzeru zawo zinawauza kuti munthu wa mbalame umupatse mbalame, ndipo akakhuta akakuyamikira kwa abwana, ganyu n'kusanduka ntchito yokhazikika.

"Mawa ndikachoka kutchalitchi ndikawatenga a Sakala. Iwe Ellah utsale. Umusosole, umuphike bwino. Ndipo usamale nthutumba. Nthutumba ndi ya mlendo."

2. Zimene mpeni unapeza

Lamulungu m'mawa Ellah anamusosola tsekwe uja, nthenga akuziika m'jumbo kuti zisauluke m'nyumba ya eni. A Lenifa nawonso anatsala chifukwa miyendo inali itatupa.

Nthenga zitatha, chinsinsi cha kupepuka kuja chinaoneka. Fupa la pachifuwa linali litatuluka ngati mpeni, nyama ili yochepa. Podula chidalecho, mpeni unagunda kanthu kolimba. Ellah anakatulutsa. Kanali kotuwa, kozungulira, kukula kwake ngati njere ya mapira. Anali machaka, timipira tating'ono timene mfuti yophera mbalame imamwaza. Anafufuza n'kupezamo tina.

Kenaka anang'amba nthutumba. M'kati mwake simunali mwachikasu ngati mwa nkhuku. Munali mobiriwira moderako, monunkha. Pakati pa mchenga ndi timiyala panali timachaka tinanso, koma iti tinali tophwatalala, tosalala, todyeka m'mbali.

Ellah anaima. Anakumbuka phunziro la sayansi la mwezi watha. Mphunzitsi anawaonetsa chithunzi cha chiwombankhanga chimene chinafa chitadya bakha wowomberedwa ndi machaka a mtovu. Ananena kuti m'dziko limenelo kupha abakha ndi atsekwe ndi mtovu kunaletsedwa zaka zoposa makumi atatu zapitazo, ndipo alenje ambiri amagwiritsa ntchito machaka achitsulo.

Anachotsa maginito pachitseko cha firiji n'kuwayandikiza. Timachaka tija sitinagwedezeke n'komwe. Anakanikiza kamodzi ndi msana wa mpeni, kanaphwanyika mosavuta. Anakakhutiza papepala, kanasiya mzere wotuwa ngati wa pensulo.

"Anti, tabwerani muone."

A Lenifa anabwera, anayang'ana, n'kukweza mapewa. "Ndiye?"

"Ndi mtovu, Anti. It's poison. Timipirati ndingatole, koma tizidutswa take timatsalira m'nyama, ndipo pophika timasungunukira mumsuzi. Kwa mwana ngati Alvin umawononga ubongo. Ngakhale mwana amene ali m'mimba..."

"Khala chete! Ndani anakuphunzitsa kutchula za m'mimba mwa akulu?"

Ellah anazyolika. A Lenifa anakoka mpando n'kukhala pansi, akupuma movutikira.

"Mwana iwe, sukulu yakulowa m'mutu molakwika. Amalume ako akhala akudzuka mbandakucha, kukaima m'madzi ozizira, kubwerako chimanjamanja, anzawo akuwaseka. Lero apha kanyama kamodzi, iwe ukufuna ukawauze kuti apha poizoni? Ukuwadziwa iwe kapena umangowamva? Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, ndimadziwa poponda. Ndipo ngati n'zoona kuti zipolopolo zimenezi n'zoletsedwa, ndiye utseke pakamwa kawiri. Nkhani ikatuluka akawaimika kukhoti ku Upper Marlboro. Dalaivala wa akazembe wokhala ndi mlandu wa mfuti, ndani angamusunge pa ntchito? Tizidya chiyani? Iwe uziphunzira ukugona kuti? Kwathu anthu adya mbalame za mfuti chibadwire, amangolavula kachitsuloko n'kupitiriza kutafuna. Ukayenda siya phazi, Ellah, ukasiya mlomo ukutsata. Tsuka nthutumbayo uiponye mumphika."

Atatero anabwerera kuchipinda n'kutseka chitseko.

Ellah anachita mantha, ndipo mantha akewo anamuuza kuti agawe nkhaniyo pakati. Anatola machaka onse amene anawaona, n'kuphika tsekwe monga anauzidwira. Koma nthutumba ija dzanja lake linakana kuiponya mumphika. Anaiika pakambale pamodzi ndi timachaka tonse, anavundikira, n'kukweza pamwamba pa firiji. Alvin anamuwiritsira mazira. Ankaganiza kuti akatero wapulumutsa aliyense popanda kutsegula pakamwa. Iwalani, nkhani za mtundu umenewu sizigawika pakati.

3. Mbale yopanda nthutumba

A Sakala anali mkulu wamtali, wa imvi, wa magalasi, wosataya mawu. Ankalankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Ellah anagwada n'kuwasambitsa m'manja, ndipo onse anakhala patebulo. Panali mpunga, kabichi, ndi mbale yaikulu ya tsekwe pakati.

A Wilkins anayamba kufotokoza za ulenje wawo. Tsekwe amene dzulo anangodzuka ngati waledzera, lero anali akuuluka pamwamba pa mitengo, mphepo ikuwomba, iwo n'kumugwetsa ndi chipolopolo chimodzi. Mlendo ankangogwedeza mutu.

Pofuna kuti amuna awo apumeko, a Lenifa anafunsa mwaulemu. "Nanga msonkhano ukuyenda bwanji, bambo?"

"Uyenda bwino, amai. Mawa m'mawa ni ine nikamba," anatero a Sakala. "Tifuna maiko onse agwirizane kuleka kuphera mbalame za m'madzi na machaka a mtovu. Kuno munaleka kudala, so tabwera kuphunzira kwa imwe. Ndiye chifukwa chake tsekwe uyu nizadya na mtima umodzi."

Kumwetulira kwa a Wilkins kunauma. Anatsokomola, n'kumwa madzi.

"Eee, bwana, kuno tinasiya kalekale."

Ellah anawayang'ana amalume ake, ndipo anaona kuti akudziwa zoti machaka awo anali a mtovu. Sanalakwitse mwangozi ayi. Maso awo anakumana ndi ake kanthawi kochepa, ndipo a Wilkins anazindikira kuti nayenso akudziwa. Munthu wogwidwa chonchi amafuna womukwiyira, ndipo sachedwa kumupeza.

Anatenga sipuni n'kuyamba kuvundula mbale ija. Anatembenuza ntchafu, anakweza phiko, anapalasa pansi.

"Nthutumba ili kuti?"



"Ellah! Ndati nthutumba ya mlendo ili kuti?"

"Mwina yapita ndi matumbo, bambo a Alvin," anatero a Lenifa maso ali pambale. "Ana a masiku ano sadziwa kutumbula."

"Sadziwa? Uyu wakulira ku Zomba, watumbula nkhuku asanamere mano. Wadya! Wadyera kukhitchini ngati mphaka! Bwana, mundikhululukire. Ndinatola mwana wa mlongo wanga kuti ndimuthandize, osadziwa kuti ndatola wakuba. Ndimamudyetsa, ndimamuveka, lero akundichititsa manyazi pamaso panu. Iwe, gwada upepese kwa mlendo!"

"Siyani, ba Wilkins, ni kanthu kang'ono," anatero a Sakala.

"Si kang'ono. Mbalame yopanda nthutumba ndi zotsala. Ine sindipatsa mlendo zotsala. Gwada!"

Ellah anagwada. Mawu akuti wakuba anamuwawa kwambiri, misozi inalengeza, koma anaona kuti njira ndi yomweyo. Akavomera kuba, amalume apulumuka, iyenso sukulu ipitirira.

"Pepani, bambo," anatero.

"Wakuba iwe. Dzuka, usatinyanse."

Zikanathera pomwepo. Koma a Wilkins, pofuna kubweza chisangalalo patebulo, anatembenukira kwa Alvin n'kuona mbale yake.

"Ichi n'chiyani? Mwana wa mlenje adye mazira bambo ake atapha tsekwe?"

"I want Daddy's bird," anatero Alvin.

"Mwamva? Magazi sanama." A Wilkins ananyema chidale, pamalo penipeni pamene machaka analowera, n'kuchiviika mumsuzi. "Open, big boy."

Alvin anayasamula.

Ellah sanaganize zambiri. Anadzuka pomwe anagwada paja n'kugwira dzanja la amalume ake m'malere.

"Musamupatse!"

Mtsikana kugwira dzanja la amalume ake pamaso pa mlendo, zimenezo ngakhale a Lenifa anali asanazionepo. Kanyama kaja kanagwera patebulo.

"Wapenga?" anatero a Wilkins motsitsa mawu. "Ganiza bwino chimene ukufuna kunena. Ukukumbuka zimene ndinakuuza?"

"Ndikukumbuka, amalume."

Anapita kukhitchini. Anatsitsa kambale kaja, anabwera nako, n'kukavundukula patsogolo pa mlendo.

"Nthutumba yanu ndi iyi, bambo. Sindinadye. Ndinaopa kukupatsani."

4. Mawu a mlendo

A Sakala anakankhira mbale ya mpunga pambali. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Anatola kamodzi mwa timachaka tija n'kukakhutiza papepala lopukutira m'manja. Mzere wotuwa unaoneka. Kenaka anayamba kutisiyanitsa ndi nsonga ya foloko, tophwatalala uku, tozungulira uku.

"Utu tophwatalala unatupeza kuti, mwana wanga?"

"M'nthutumba, bambo."

"Nanga utu tozungulira?"

"M'chidale."

A Sakala anatembenukira kwa mwini nyumba. Mawu awo sanakwere, koma anali ozizira.

"Ba Wilkins, utu twa m'nthutumba si twanu. Mbalame iyi inatumeza yeka. Munthu akaombera, machaka ambiri samenya kanthu, amagwera m'matope, ndipo mtovu suola. Tsekwe alibe mano. Amatola tumiyala kuti nthutumba igaye chakudya, ndiye amatola na machaka. Nthutumba igaya mtovu, mtovu ulowa m'magazi, mbalame iyamba kuonda, ilephera kuuluka. Amene anaombera utu sitimudziwa. Kapena anaombera kutali kumene mbalame iyi inachokera, kapena anaombera kudala, mtsikana uyu asanabadwe. Manje mwaona chifukwa chake tikumana maiko ambiri? Mbalame imeza kwanu, ikafera kwathu. Dziko limodzi likaleka, anzake osaleka, palibe chachitika. Kwathu mbalame zina zibwera kuchoka ku Ulaya kudzakhala m'madambo athu, ndipo nkhwazi yamene ili pa mbendera yathu imadya zomwezo."

Anakankha timachaka tozungulira tija ndi foloko mpaka tinafika pafupi ndi mbale ya a Wilkins.

"Koma utu ni twanu. Ndipo mwaninamiza pa tebulo panu."

"Bwana, bambo anga ankasungunula mtovu wa mabatire akale, ankauluma ndi mano, ndipo anafa ali nkhalamba," anatero a Wilkins mokweza. "Machaka achitsulo amangovulaza mbalame. Ine ndinatenga a mtovu otsala kumalo ophunzirira mfuti, kumene timawombera mbale zadothi. Kamodzi kokha! Mukufuna kundiphunzitsa ulenje inu a m'maofesi?"

"Nifuna kukuphunzitsani za ana. Ine ninabadwira ku Kabwe. Tinali kusewera pa milu ya dothi la mgodi wa mtovu, kubwera kunyumba tili mbuu. Palibe anagwa pansi n'kufa, so makolo athu anali kukamba monga imwe, ati onani, tili bwino. Mtovu suchita phokoso. Mng'ono wanga anali wochenjera kuposa ine. Anayamba kuiwala, kupsa mtima, kulephera kuwerenga. Aphunzitsi anamumenya ati ni waulesi, atate anamumenya ati ni wamwano. Tinadziwa chifukwa chake ali kale mwamuna wamkulu, ndipo panalibe chobweza. Akulu anati nkhuyu zodya ana zipota akulu, koma pa mtovu zodya akulu zipota ana. Imwe mudzakalamba bwino monga atate anu. Wamene adzalipira ni uyu anayasamula kamwa apa, na wina wamene akalibe kufika."

A Lenifa anagwira pamimba osadziwa kuti agwira.

Mlendo anayang'ananso Ellah, ndipo sanamumwetulire.

"Iwenso, mtsikana. Unadziwa kuchoka m'mawa, koma unaphika, unanisambika m'manja, unaniyang'ana nikupemphera. Unasankha kupulumutsa mmodzi, ise ena tidye. Chilungamo cha theka chimadwalitsa anthu. Wakamba, inde, koma wakamba mochedwa."

Ellah anamva manyazi kuposa pamene anatchedwa wakuba, chifukwa izi zinali zoona.

A Sakala anatulutsa mpango woyera m'thumba. Anakulungamo nthutumba ija ndi machaka onse, n'kuika m'thumba la jekete.

"Mukupita nayo kuti?" anafunsa a Wilkins ataimirira.

"Mwakamba mweka kuti nthutumba ni ya mlendo. Mawa anzanga a maiko ena akaione na maso. Takhala sabata yonse tiyang'ana manambala pa khoma."

"Mukufuna kundimangitsa!"

"Dzina lanu sinizatchula. Koma nipatseni zipolopolo zotsala, nikazipereke kumene zingatayidwe bwino."

"M'nyumba mwanga simulamula. Kwanu ndi ku Lusaka."

"Chabwino." A Sakala anatenga chipewa chawo. "Amai, zikomo pa ulemu wanu. Ba Wilkins, mawa musabwere kunitenga. Nizakwera taxi."

Anatuluka osalawa ngakhale njere imodzi ya mpunga. Mlendo kuchoka pakhomo chakudya chili patebulo ndi chitonzo chachikulu, ndipo aliyense m'nyumbamo anachimva.

5. Chikwama pakhomo

A Wilkins anaima pawindo mpaka mkulu uja atakhota pakona. Atatembenuka, sanakuwe. Ellah akanakonda akanakuwa.

"Wakhuta?" anafunsa. "Ndikufunsa iwe, dokotala wa mbalame. Wakhuta?"

"Amalume, ndimaopera Alvin."

"Alvin ndi mwana wako? Unabereka ndiwe? Tamvera zimene wachita, poti sayansi yako siinakuuze. Mawa munthu uja akaimirira pamaso pa azungu a zamalamulo a nyama, atulutsa mpango wake. Iwo amufunsa kuti tsekwe wa kuno mwamupeza kuti, inu mlendo wa sabata imodzi? Akuti satchula dzina. Afunika kutchula? Ndani sadziwa amene wakhala akumuyendetsa? Kampani ikamva kuti mlendo wakana galimoto yanga, ifunsa chifukwa. Ntchito yatha, chilolezo chatha, khoti likundidikira. Zonsezi chifukwa cha mwana amene ndinamuchotsa m'fumbi ndi manja angawa. Ndinakuchenjeza, Ellah. Ndinakuchenjeza ngati mwana wanga."

Analowa kuchipinda. Kunamveka kukoka zinthu pansi pa bedi. Anatuluka ndi chikwama chachikulu chobiriwira chimene Ellah anabwera nacho kuchokera ku Malawi, n'kuchiponya pafupi ndi chitseko. Fumbi linabuka.

"Bambo a Alvin, mawa ali ndi mayeso," anatero a Lenifa motsitsa.

"Inu khalani chete. Munali m'nyumba muno m'mawa wonse, musandiuze kuti simunadziwe."



A Wilkins anatulutsa khadi la sitima m'thumba n'kuliponya patebulo, pakati pa mbale zosadyedwa zija.

"Mawa sukupita kusukulu. Ukwere sitima ya Red Line, utsike pa Dupont Circle. Nyumba ya msonkhano ili pa Massachusetts Avenue, ya zitseko zagalasi, yoyang'anana ndi poimikira mabasi. Mkulu uja ukamudikire pakhomo asanalowe. Ukagwade, ukalire, ukamuuze kuti machaka aja unawatola kusukulu n'kuwaika wekha pofuna kundiipitsa. Chilichonse chimene unganene, nena. Koma ubwere nayo nthutumba yanga. Ukabwera chimanjamanja, chikwamachi uchipeza panja, ndipo mayi ako ndiwauza ndekha kuti akakuchingamire ku Chileka."

Anatenga makiyi n'kutuluka. Chitseko chinamenyeka mpaka chithunzi cha pakhoma chinapendekeka. Alvin anayamba kulira.

Ellah anasonkhanitsa mbale n'kupita nazo kukhitchini. Posakhalitsa a Lenifa analowa atanyamula mbale yaikulu ija. Sanamuyang'ane. Anatsegula jumbo ya nthenga ija, anakhuthuliramo tsekwe yense ndi msuzi womwe, anamanga kawiri, n'kusamba m'manja ndi sopo nthawi yaitali.

Mtima wa Ellah unadumpha. "Anti, ndiye kuti mwakhulupirira?"

"Ndakhulupirira kuyambira m'mawa," anatero a Lenifa akutseka mpopi.

"Ndiye muwauze amalume. Inu akhoza kukumverani. Chonde, Anti, ndikakanena bodza limene lija, a Sakala sakaionetsa nthutumbayo, ndipo amalume apitanso kudambo Loweruka ndi zipolopolo zomwezo."

A Lenifa anapukuta m'manja pang'onopang'ono. Anapita patebulo, anatola khadi la sitima lija, anabwera nalo n'kuliika m'dzanja la Ellah. Anapinda zala za mtsikanayo ndi manja awo ozizira.

"Wamupulumutsa mwana wanga, ndipo sindidzaiwala," anatero. "Koma ine sindingakupulumutse. Udzuke msanga, sitima za m'mawa zimadzaza."